Za Kulemba Nkhani ya Nyanja Imene Sunaione

Mwezi uno tiri ndi mlandu, ndipo mlanduwo tiri nao ndi ana athu omwe, amene ife aphunzitsi tinawagwira dzanja polemba chilembo choyamba, inunso munawatumiza ku masukulu akuru ndi ndalama za chimanga, mpunga ndi matemba. Masiku ano m'makoleji muli mwambo wakuti mphunzitsi auza ophunzira ache kuti yense asankhe bvuto limodzi la chilengedwe, monga kutha kwa mitengo, kukokoloka kwa nthaka kapena kuphwa kwa nyanja, alifufuze bwino, nalembe chimangirizo chachitali. Mwambo umenewu tiuyamika, pakuti mtundu wa anthu umene ana ache sadziwa kufunsa chimene chaumitsa mtsinje udzafa ndi ludzu usanadziwe chimene chaupha. Koma machitidwe amene ambiri a iwo agwira nao nchitoyi ndiwo tiwatsutsa, ndipo tiwatsutsa poyera, osabisa mau.

Taonani umo achitira. Mnyamata asankha kulemba za kuphwa kwa nyanja ya Chilwa. Sapita ku Kachulu, sakwera bwato la ku Chisi, safunsa msodzi ngakhale mmodzi. Akhala pa kama wache, natenga foni, nafunsa intaneti, natola mau apa ndi apo monga nkhuku itola mapira pabwalo la mwini. Ndipo tambala asanalire nchito yatha. Mukawerenga zimangirizo khumi zotere mudzapeza kuti zonse zinena chimodzimodzi: kuti nyanja iphwa chifukwa cha kusintha kwa nyengo, kuti anthu a m'midzi ndi osadziwa ndipo aononga chilengedwe, ndi kuti Boma lichitepo kanthu. Mutachotsa dzina la Chilwa ndi kuikapo dzina la nyanja ya ku dziko lina liri lonse, palibe liu limodzi limene lingasowe malo ache. Ife tinena kuti nchito yotere iri ndi zoipa ziwiri. Choyamba ndi kuba, pakuti wolembayo wabvala thukuta la munthu wina ngati lache. Chachiwiri, chimene chiposa choyambacho, ndi umboni wonama, pakuti aneneza anthu amene sanawaone, pa mlandu umene sanaumve.

Tsono tiyeni tione chimene mlesi ameneyu wataya posapita kukaona. Nyanja ya Chilwa, yachiwiri kukula m'Malawi, iri kum'mawa kwa phiri la Zomba, pakati pa maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo mbali yache ya kum'mawa iyandikana ndi Mozambique. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani ithira madzi ache m'menemo, koma palibe mtsinje ngakhale umodzi woturukamo. Kumpoto mchenga wautali uitsekereza kuti isakomane ndi nyanja ya Chiuta. Chotero madzi olowamo alibe khomo lina loturukira koma kumwamba, pokwera ndi dzuwa. Ndicho chifukwa chache madzi ache amveka mchere, monga David Livingstone anaona pamene anafika pa nyanjayi mu April 1859. Ndiponso nyanjayi si yakuya. M'malo ambiri kuya kwache ndi mamita 2 kapena 3 okha, kotero kuti bwato liyenda ndi nsungwi yoponda pansi. Dzuwa limwa madzi oposa mita imodzi pa chaka chiri chonse. Mwana wa sukulu ya kumudzi angathe kuchita samu imeneyi: mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana, nyanja yotere iyenera kuphwa, monga mbale yosaya iuma msanga kuposa mtsuko.

Ndipo inaphwadi, kawiri kawiri. Zolembedwa zakale zitchula kuphwa kwakukuru m'zaka za 1900, 1914 ndi 1922, pamene m'dziko muno galimoto zinali zowerengeka pa zala, ndipo mapiri anali chibvalire nkhalango zao. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, inaphwa koopsa mu 2012, ndipo mu 2018 mabwato anakhala pa matope ong'aluka, anthu nayenda pansi pamene kale anaponya makoka. Mvula yaikuru ya mu March 2019 ndiyo inaidzazanso. Tsono wophunzira wolemba kuti nyanja iphwa chifukwa cha kusintha kwa nyengo, nalekeza pomwepo, atiyankhe: nanga mu 1914 inaphwa ndi chiani? Musatimve molakwa. Kutentha kwa dziko lapansi, kochokera ku utsi wa malasha ndi mafuta amene maiko olemera atentha, ndi chinthu choona, ndipo anzeru a maiko onse achitsimikiza. Dziko likatentha, dzuwa limwa madzi ambiri, ndipo mvula isokonezeka. Koma mau oona angathe kusanduka mtsamiro wa ulesi, munthu akawatchula kuti apumule kuganiza. Funso loyenera wophunzira wa koleji ndi ili: pa kuphwa kwa masiku ano, gawo la chikhalidwe chakale cha nyanjayi ndi liti, gawo la nyengo yosintha ndi liti, ndipo gawo la makasu, nkhwangwa ndi makoka athu ndi liti? Funso limeneli ndi lobvuta, ndipo chifukwa cha kubvuta kwache ndilo liyenera kulembedwa.

Wina wochenjera pang'ono adzawerenga zaka zija, nadzati: kuchokera 1968 kufika 1995 ndi zaka 27, kufika 2012 ndi zaka 17, kufika 2018 ndi zaka 6, taonani, nyanja iphwa mofulumira tsopano. Ameneyu wayamba bwino, pakuti wagwira nambala m'malo mwa mphekesera. Koma asathamange, pakuti kuchokera 1914 kufika 1922 ndi zaka 8 zokha. Nambala zinai sizikwana kumanga mlandu. Ayenera kupita kwa osunga kaundula wa mvula, naone mvula ya chaka ndi chaka. Ayenera kufunsa ngati mvula yofanana idzaza nyanja lero monga inachitira kale. Kuona maso a nkhono nkudekha, anatero makolo, ndipo kufufuza kuli konse koona kuyenda pa mwambi umenewu.

Tiri nacho chitsanzo cha nchito yodekha, pa nyanja yomweyi. Kuyambira 1966, University of Malawi iri yatsopano, aphunzitsi ache ndi ophunzira ao anayamba kufufuza nyanja ya Chilwa, motsogozedwa ndi Margaret Kalk, ndipo anapirira nayo nchitoyo zaka 10. Anayesa kuya kwa madzi ndi mchere wache mwezi ndi mwezi, anawerenga nsomba pa madooko, analowa m'matope ndi m'njedza, ndipo anaiona nyanja ikuuma mu 1968, naionanso ikubwerera. Buku la zimene anapeza linaturuka mu 1979. Chimodzi cha zinthu zazikuru zimene zinadziwika bwino ndi ichi, chimene asodzi akale anachidziwa m'njira yao: nyanja ikamaphwa, nsomba zosawerengeka zifa, koma otsala a matemba, makumba ndi milamba athawira ku mathiriro a mitsinje, m'maiwe akuya ndi m'madambo, ndipo otsala amenewa ndiwo mbeu yodzaza nyanja yonse madzi akabwera. Chotero pamene nyanja inaumanso mu 1995, a Boma oyang'anira za nsomba pamodzi ndi mafumu anadziwa pamene anayenera kuika maso: analetsa kuthira katupe ndi kukoka makoka m'maiwe a mitsinje, naika makomiti a m'midzi kuti alonde mbeuyo. Nzeru imeneyi inapulumutsa ndiwo za anthu ambirimbiri. Kodi ikadapezeka bwanji, ofufuza aja akadakhala pa kama ndi kukopa mau a anzao?

Tidziwa zimene ana athu adzatiyankha, pakuti tazimva. Adzati: ife tiribe zaka 10, tiri ndi masabata ochepa, tiribe ndalama ya ulendo, ndipo mphunzitsi afuna maina a mabuku, safuna mau a nkhalamba. Za umphawi sititsutsa, pakuti tidziwa kuti ambiri a iwo agona ndi njala kuti alipire sukulu. Koma ndani anakukakamiza, mwana iwe, kusankha nyanja yonse, kapena dziko lonse lapansi? Kodi kwanu kulibe mtsinje? Kodi kulibe chitsime chimene amai ako anatungapo chaka chonse ali mtsikana, chimene tsopano chiuma mu September? Sankha chinthu chaching'ono chimene mapazi ako angachizungulire pa tsiku limodzi, ndipo uchidziwe koposa munthu wina ali yense. Chimangirizo cha masamba asanu chonena zoona za khwawa limodzi chiposa cha masamba makumi asanu chonena za dziko lonse ndi mau obwereka.

Zipangizo zache si za mtengo wapatali. Tenga mabotolo awiri oyera. Mvula yoyamba ikagwa, tunga madzi a mtsinje kumtunda kumene kukali mitengo, ndi ena kumunsi kwa minda yolimidwa kufikira m'mphepete. Uwaike usiku wonse, ndipo m'mawa uyese ndi rula matope okhala pansi. Pamenepo waona ndi maso ako nthaka ya mapiri iri pa ulendo wopita kukakwirira nyanja. Zika ndodo yolembedwa mizere m'mphepete mwa madzi, nulembe msinkhu wache tsiku ndi tsiku. Pita kumanda a mudzi, kumene nkhwangwa siiloledwa, nuwerenge mitundu ya mitengo iri pamenepo. Kenaka uwerenge ya kunja kwache, ndipo udzadziwa nkhalango imene agogo ako anaipeza. Khala pa dooko m'mawa, nuone ukulu wa maso a makoka ndi ukulu wa nsomba zotsika m'bwato. Funsa okalamba atatu, yense pa yekha, za chaka chimene madzi anaphwa, kuti mau a mmodzi ayese mau a mnzache. Ufunsenso akazi, pakuti iwo ndiwo adziwa utali wa njira ya kumadzi ndi kunkhuni. Pa chiri chonse lemba tsiku ndi malo. Utatero, werenga mabuku ndi za pa intaneti zomwe, pakuti sitidana nazo. Koma polemba usiyanitse zinthu zitatu, chimene unaona, chimene unamva, ndi chimene unawerenga, ndipo mwini mau umtchule. Ukapeza kuti buku linena china, mtsinje nuonetsa china, usabise. Pomwepo ndipo pali phindu la nchito yako.

Za kunyoza nkhalamba tinenapo mau amodzi. Ophunzira ena ayesa kuti munthu wosadziwa Chingerezi alibe kanthu kophunzitsa wa ku koleji. Msodzi amene wakhala miyezi yambiri pa zimbowera pakati pa njedza adziwa kumene mlamba ubisala, mphepo imene ibvundula matope, ndi mwezi umene mbalame zochokera kutali zifika. Ndipo mbalame zomwezo ndizo zinachititsa kuti nyanjayi ilembedwe m'pangano la Ramsar, la maiko osunga madambo ofunika. Msodziyo sadziwa zonse, ndipo nthawi zina asokoneza zaka. Chifukwa chache mau ache ayesedwe, monga a m'buku ayenera kuyesedwa. Koma kumlemba kuti ndi mbuli yoononga, usanamfunse chifukwa chache akoka ndi masikito, ndiko kuweruza mlandu mwini wache ali kumunda. Ukadamfunsa ukadamva za mtengo wa ukonde, za ngongole, za munda umene sunabale. Ndipo chimangirizo chako chikadaloza mankhwala oona. Tikumbuke za malimidwe a m'zaka za 1950, pamene Boma la Atsamunda linakakamiza anthu kuunda migula ndi mizere yopingasa ndi chindapusa ndi ndende. Nzeru yoletsa nthaka kukokoloka inali yabwino, koma popeza inadza ndi chikoti, osafunsa eni minda, anthu anaida, ndipo chidanicho chinakhala zaka zambiri. Wolemba wonyoza anthu akonzera njira mankhwala otere.

Tsono tibwere kwa inu, abale, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo pa mlandu uwu inunso muli ndi gawo. Wophunzira woona mtima akafika pamudzi ndi kope lache, mumlandira bwanji? Ena a inu muyesa kuti ndi kazitape wa Boma, ndipo mubisa makoka ndi ng'anjo za makala, nimunena kuti kuno zotere kulibe. Ena muyesa kuti watumidwa ndi opereka thandizo, ndipo muchulukitsa mabvuto, munda wa maekala awiri nimuutcha theka, poyembekeza kuti dzina lanu lilembedwa pa ufa. Mwanayo alemba zimene mwamuuza, napita nazo. Zolemba zache ziwerengedwa ndi ena, ndipo bodza lanu liyenda kufikira m'maofesi mmene zinthu za mudzi wanu zikonzedwa. Wodwala wonamiza sing'anga amwa mankhwala a nthenda imene alibe. Ngati simufuna kuyankha, kanani poyera, pakuti ndi ufulu wanu. Mufunseni mlendoyo dzina la sukulu yache, chimene adzachita ndi mau anu, ndipo ngati muopa, mumuuze asalembe dzina lanu. Koma mukabvomera kuyankha, nenani zoona.

Palinso mau amene timva kawiri kawiri m'mbali mwa nyanja, akuti madzi saiwala khwawa. Inaphwa kale, inabwera, idzabweranso, tsono kufufuza nkwachiani? Mwambiwo ndi woona pa madzi, koma sunena kanthu za nsomba, kapena za nthaka. Pa kalembera wa 1966 anthu m'Malawi anali oposa pang'ono 4 miliyoni; pa kalembera wa 2018 anapitirira 17 miliyoni ndi theka. Nyanja imene inabwerera pambuyo pa 1968 inapeza maiwe a mitsinje ali ndi mbeu, mapiri ali ndi mitengo yambiri, ndi asodzi ochepa. Lero pakamwa podya pachuluka kanai, minda yakwera m'mapiri, madzi a mitsinje apatutsidwa kumka ku minda ya mpunga asanafike kunyanja, ndipo masikito opatsidwa kuti ateteze ana ku malungo akokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Amene anaona namondwe wa Freddy mu March 2023, mapiri a ku Mulanje ndi Phalombe akugumuka, miyala ndi matope zikutsikira pa midzi ndi minda, sayenera kuuzidwa kuti phiri lingathe kusamukira kuchigwa. Madzi adzakumbuka khwawa lao ndithu. Koma akadzalipeza litadzala mchenga, ndi maiwe opanda mbeu, mudzakhala ndi thamanda lalikuru lopanda ndiwo. Kudziwa ngati tayandikira tsiku limenelo, ndi kutalika kwa mtunda wotsala, ndiyo nchito imene tifuna ana athu atigwirire. Ife sitingaidziwe pongokhala pabwalo, iwonso sangaidziwe pongokhala pa kama.

Kwa aphunzitsi anzathu a m'makoleji, amene maphunziro ao aposa athu kutali, tinena mwaulemu koma mosaopa. Mwana achita chimene chimpatsa malikisi. Ngati mupatsa malikisi ambiri kwa iye wodzaza masamba ndi Chingerezi chosalala ndi mndandanda wautali wa mabuku amene sanawatsegule, nimuchepetsa a iye wobwera ndi kope lothimbirira matope, mwaphunzitsa kalasi lonse kuti kunama kulipira. Ife a sukulu za kumidzi tinaphunzitsidwa kuti phunziro la zolengedwa lichitikire panja, mwana agwire tsamba ndi dzanja asanalijambule pa sileti; kodi lamulo limeneli litha mphamvu munthu akafika ku koleji? Masiku ano kuli ndi makina a kompyuta olemba chimangirizo chonse m'kamphindi, chosalala koposa cha mwana ali yense, kotero kuti kusalala kwa mau sikutsimikizanso kanthu. Mufunseni wophunzira mafunso atatu pamaso panu: unaima pati, unafunsa yani, ndipo unapeza chiani chimene sunachiyembekeze? Wokopa adzagwa pa funso lachitatu.

Chotsiriza ndi mangawa amene ofufuza ambiri, akuru ndi ang'ono omwe, sanabweze. Afika pamudzi, amwa madzi athu, adya nthawi ya nkhalamba zathu, natenga nzeru zao, ndipo sitiwaonanso. Chimangirizo chikagona m'kabati ya koleji m'chinenero chimene eni nkhani sachimva. Ichi sichiyenera. Wophunzira amene wathandizidwa ndi mudzi abwerere pa tchuthi, apemphe bwalo kwa amfumu, nawerenge m'chinenero chathu zimene anapeza, kuti anthu amtsutse pamene walakwa, ndi kumva pamene iwo alakwa. Inu makolo, mwana wanu akabwera ndi kukuuzani kuti analemba za chilengedwe napambana, musangoomba m'manja; mumuuze akhale pansi, akufotokozereni. Ngati sangathe kufotokozera amai ache chimene analemba, sanachidziwe.

Chotero pempho lathu ndi ili. Inu akulu a mipingo ndi a midzi, wophunzira akadza kudzafunsa za mtsinje, za phiri kapena za nyanja, mpatseni mpando ndi munthu womperekeza, mumuonetse ndi zochititsa manyazi zomwe, ndipo mumpangane tsiku lobwera kudzawerenga. Inu ana athu, bvulani nsapato, mulowe m'matope. Chilwa idzaphwanso, pakuti ndicho chikhalidwe chache, ndipo chaka chimenecho anthu adzafuna kudziwa maiwe oyenera kulondedwa, mitsinje yobweretsa matope ambiri, ndi midzi yoyamba kusowa madzi. Adzatsegula makabati a makoleji kufuna yankho. Chimene adzapezamo chiri m'manja mwanu chaka chino. Tsalani bwino, abale, kufikira mwezi wa mawa.